ZA MAPHUNZIRO A NCHITO: TIDZADZIWA BWANJI KUTI APINDULA?

Kwa Mafumu athu olemekezeka, Nyakwawa, ndi abale onse a Bungwe lathu, amuna ndi akazi:

Pa msonkhano ulinkudzawu Komiti idzaika pamaso panu mlandu umodzi umene tausinkha-sinkha nthawi yaitali, ndipo tayesa bwino kutsogoza mau ano, kuti yense afike atauganizira kwao. Mlanduwo ndi uwu. Caka ndi caka ana athu, abale athu, ndi ife tomwe tiitanidwa ku maphunziro a nchito. Ena apita kwa mmisiri kukaphunzira ukalipentala, utelala, umakaniko kapena kumanga nyumba. Ena atengedwa pa nchito pao kukakhala sabata imodzi m'nyumba ya alendo kunyanja. Ena aphunzitsidwa patsinde pa mtengo kukonza mjigo kapena kusunga buku la ndalama za gulu. Potsiriza pace pali kuomba m'manja, pali kujambula cithunzi, pali satifiketi, ndipo mfumu ipemphedwa kunena mau oyamika. Koma ndani abwera patapita caka kudzaona ngati maphunzirowo anabala kanthu? Ife tinena kuti nchito imeneyi yakhala yopanda mwini, ndipo tipempha kuti Bungwe lino pamodzi ndi Mafumu aisenze.

Wina asatimve molakwa. Sititsutsa maphunziro ai. Makolo athu amene anayamba mabungwe onga lathuli, kuyambira North Nyasa Native Association ya caka ca 1912, imene Levi Mumba anali mlembi wace, sanaleke kudandaulira Boma za sukulu ndi za nchito zoyenera anthu ophunzira. Ndipo ife tiima pomwe anaima iwo. Koma cinthu ca mtengo wapatali ciyenera kulondedwa. Maphunziro sadza ulere, ngakhale wophunzirayo asalipire kanthu. Lamulo la 1999 limene linakhazikitsa TEVETA linaikanso msonkho pa olemba anthu nchito, ndipo apereka ndalama yolingana ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro a anchito ao, kuti amisiri aphunzitsidwe. Ndalama zina zicokera ku msonkho wa ife tonse, zina kwa abwenzi a maiko akunja. Palinso mtengo wina wosalembedwa m'buku liri lonse: mnyamata akacoka miyezi itatu nthawi ya dzinja, khasu lace ligona, ndipo amai ace apalira okha, mfumu ikapereka malo omangapo nyumba yophunziriramo, mundawo sudzalidwanso. Cifukwa cace tiri nao ufulu wakufunsa.

KUWERENGA MAKASU

Tawerenga malipoti ambiri amene eni maphunziro atipatsa, ndipo nkhani yace ifanana. Anena kuti anafika anthu akuti-akuti, amuna angapo ndi akazi angapo. Anakhala masiku akuti. Ndalama zinatha zakuti. Onse analandira masatifiketi, ndipo pofunsidwa anati akondwera. Zonsezi zingakhale zoona, koma siziyankha funso lathu. Munthu wofuna kudziwa ngati mnansi wace analima bwino sawerenga makasu amene anagula, kapena masiku amene analawirira kumunda. Adikira masika, nasuzumira m'nkhokwe. Ndipo za kukondwerako, ndani adzanena kuti sanakondwere, atadya nyama masiku asanu, nalandira alawansi potsiriza pace? Akulu anati, cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo tonse taziona. Taona mjigo wakufa pamudzi pamene pali anthu okhala ndi satifiketi ya kukonza mjigo, cifukwa ophunzitsa anacoka nao masipanala ao, ndipo zitsulo zace zigulidwa kutali. Taona mtsikana wodziwa kudula nsaru ndi kusoka malaya, amene alibe makina, ndipo patapita zaka ziwiri dzanja lace laiwala. Taona kalaliki wophunzitsidwa kompyuta, amene pobwera mkulu wace wa nchito amuuza kuti, Pano ticita monga kale. Ndipo tinene mwaulemu cinthu cimene cikhudza ife tomwe: taona nkhope zomwezo pa maphunziro ali onse, lero a za nkhuku, mawa a za mitengo, mkuja a za ndalama, pakuti polemba maina nthawi zina dzanja lipendekera kwa mbale. Pamenepo amene aphunzira si amene adzagwira nchitoyo.

ZIMENE DZIKO LINO LINAONA KALE

Funso ili si lacilendo m'dziko muno, ndipo pali zitsanzo zitatu zimene tiyenera kukumbutsana.

Coyamba ndi ca ku Khondowe. Caka ca 1894 Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Livingstonia, kumene anyamata anaphunzira uphunzitsi ndi ukalaliki, ndiponso ukalipentala, kumanga ndi miyala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mau pa waya, alikugwira nchito yeni-yeni pansi pa amisiri zaka zingapo. Anaphunziradi, kotero kuti mbiri yao inamveka kutali. Koma Nyasaland inalibe nchito zokwanira za malipiro oyenera anthu otere, ndipo ambiri anaturuka kunka ku Southern Rhodesia, ku South Africa ndi ku migodi ya ku Congo. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anchito, la ICU, ku Cape Town caka ca 1919. Sitikana kuti ena anatumiza ndalama kwao. Koma ena anasanduka machona, ndipo luso lao linamanga maiko a eni. Phunziro lace ndi ili: maphunziro angakhale angwiro m'manja mwa wophunzira, koma ngati sitinafunse kuti nchitoyo adzaigwira kuti, phindu lace lidzagwa kutali ndi mtengo.

Caciwiri ndi ca ku Domasi. Caka ca 1924 anafika m'dziko muno a Phelps-Stokes Commission, pamodzi ndi Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, kudzayendera sukulu. Ndipo analangiza kuti maphunziro agwirizane ndi makhalidwe a kumudzi. Potsata malangizo amenewo, caka ca 1929 kunatsegulidwa Jeanes Training Centre ku Domasi, ndi thandizo la Carnegie Corporation ya ku America. Mphunzitsi sanapite yekha ai. Anatenga mkazi wace ndi ana, nakhala zaka ziwiri m'mudzi womangidwa kukhala citsanzo, mwamuna alikuphunzira za sukulu, za ulimi ndi za ukhondo, mkazi alikuphunzira za kulera ana ndi kusamala nyumba. Kuyambira 1934 Mafumu naonso anaitanidwa kumeneko, ndipo kapena ena mwa inu agogo anu anakhalako. Anthu a ku Domasi anazindikira zinthu ziwiri zimene ife taiwala: kuti munthu wobwera yekha ndi nzeru yatsopano sangasinthe nyumba imene sinamve nzeruyo, ndi kuti wophunzira ayenera kutsatidwa, pakuti nchito ya mphunzitsi wa Jeanes inali kuyendera sukulu za m'midzi, kuona ngati aphunzitsi alikucita zimene anaphunzira, ndi kuwathandiza pomwepo. Komabe sitiiwala kuti makolo ena anadandaula kuti maphunziro otere asunga munthu wakuda pansi, napempha sukulu zapamwamba, zimene Boma linacedwa nazo kufikira Blantyre Secondary School inatsegulidwa caka ca 1940. Cotero poyesa maphunziro tiyenera kufunsanso ngati ndi amene eni ace anawafuna.

Cacitatu ndi ca malimidwe. Itatha nkhondo yaciwiri, Boma la Atsamunda linalimbitsa malamulo a kasamalidwe ka nthaka, ndipo alangizi ndi makapitao anaphunzitsa mizere ndi milambala, mlandu ndi ndende ziri kumbuyo kwao. Anthu anawawidwa mtima, ndipo caka ca 1953, nthawi ya kukana Citaganya, Inkosi Gomani II wa ku Ntcheu anacotsedwa pa mpando atauza anthu ace kuti asamvere malamulowo. Pa zaka zomwezo panali Master Farmers' Scheme, ndiko kusankha alimi otsata malangizo onse ndi kuwapatsa mphotho ya ndalama, kuti anansi ao atengere citsanzo. Koma m'dziko lonse analowamo mazana owerengeka okha, anansi sanatengere, ndipo wolemba mbiri Owen Kalinga, pofufuza zaka za 1950 kufikira 1962, anaicha nchito yolephera. Koma taonani, mizere iripo kufikira lero m'minda yathu, popanda kapitao woimirira. Apa tiphunzira kuti cimene munthu acita poopa mlandu, kapena pofuna mphotho, sicisonyeza kuti waphunzira. Cosonyeza ndi cimene acitabe woopsayo ndi wopatsayo atacoka.

MAKWERERO ANAI

Caka ca 1959 munthu wina wa ku America, dzina lace Donald Kirkpatrick, analongosola njira yoyesera maphunziro a pa nchito, imene makampani ambiri aitsata kufikira lero. Iye anagawa muyeso pa mafunso anai, okwererana monga makwerero a nkhokwe.

Loyamba: kodi ophunzira anakondwera nao maphunzirowo? Laciwiri: kodi adziwa tsopano cimene sanali kudziwa kale? Lacitatu: kodi pobwerera pa nchito pao alikucita cimene anaphunzira? Lacinai: kodi nchitoyo yapindula kanthu cifukwa ca kutero?

Funso loyamba liyankhidwa pa tsiku lotsekera, ndipo ndi lopepuka koposa. Laciwiri liyankhidwa ndi mayeso, ndipo kwa mmisiri mayeso oona ndi kumpatsa thabwa ndi sowo, osati pepala lokha. Malipoti amene tiwalandira aima pa makwerero awiri amenewa, kawiri-kawiri pa loyamba lokha. Koma mafunso awiri otsirizawo, amene ali eni-eni, sangayankhidwe ndi munthu wokhala m'ofesi kutauni, pakuti yankho lace lioneka patapita miyezi, ndipo lionekera kuno kwathu. Amene adziwa kuti mjigo wakhala masabata angati osaturutsa madzi ndi amai otunga. Amene adziwa ngati kalipentala watsopano alandira nchito ya zitseko ndi mabokosi a maliro ndi nyakwawa yace. Umboni umene akulu a nchito aufuna ndi ndalama zambiri uli m'maso mwathu tsiku ndi tsiku, koma palibe woulemba.

MIZERE IWIRI

Pali funso lina lacisanu limene mlimi ali yense alidziwa. Wofuna kuyesa manyowa atsopano sathira munda wonse. Athira mizere ina, nasiya ina, kuti pokolola adziwe cimene manyowa anacita ndi cimene mvula inacita. Momwemonso tikaona mnyamata wophunzira alikupeza ndalama, tiyenera kufunsa ngati mnzace wofanana naye, amene sanaphunzire, sapeza zomwezo.

Kuyesa kotere kunacitika m'Malawi muno, ndipo zimene zinapezeka zinasindikizidwa ndi World Bank caka ca 2013. Acinyamata pafupi-fupi 1,900, ambiri a iwo amasiye ndi olekeza sukulu panjira, anasankhidwa kuti TEVETA iwaike kwa amisiri kwa miyezi ngati itatu. Anawagawa mwa maere, ena ayambe, ena adikire. Ndipo patapita miyezi yowerengeka ofufuza analinganiza magulu awiriwo, nalondolanso ambiri a iwo amene anasiya maphunziro panjira. Anapeza kuti ophunzirawo anaonjezadi luso, ndi kuti mitima yao inalimba, makamaka amuna. Koma pa nthawi yaifupiyo nchito ndi ndalama zao sizinapose za anzao odikira. Anapezanso kuti kwa akazi njira inali yolemera koposa, cifukwa ca udindo wa panyumba, ndipo maphunzirowo anawadyera zambiri kuposa amuna.

Nkhani iyi sitiinena ponyoza ai. Tiyamika amene analola kuti nchito yao iyesedwe poyera, pakuti si onse alimba mtima cotero. Lipoti lowerenga makasu likadati zonse zayenda bwino. Koma kuyesa koona kunasonyeza pamene pali bala, ndipo bala looneka lipeza mankhwala. Cinthu cimene tifuna kuti muciike m'mtima ndi ici: nzeru yaikulu inacokera kwa iwo amene anasiya, anthu amene kawiri-kawiri tiwacha aulesi, osawafunsa kanthu.

ZIMENE KOMITI IPEMPHA

Cifukwa ca zonsezi tidzapempha msonkhano kuti ubvomereze mfundo izi, kapena uzikonze monga udzaonera:

1. Kuti kwa mfumu iri yonse kukhale buku limodzi la maphunziro, lolembamo dzina la wopita, nchito imene akaphunzira, omphunzitsa, mwezi wopita ndi wobwera, ndi zipangizo zimene wabwera nazo.

2. Kuti obwera ndi maphunziro, asanalandire malo kapena maina, ayankhe mafunso awa pa pepala, m'cinenero cathu, ndipo pepalalo litsale kwa mfumu: Wophunzirayo adzakhoza kucita ciani cimene sakhoza lero? Adzacicita kuti, ndipo adzamlipira ndani? Zipangizo adzazipeza kuti? Ndani wa inu adzabwera kudzamuona, ndipo mwezi uti?

3. Kuti maina asankhidwe pabwalo, usana, anthu onse alikumva. Ndipo oyenera akaculuka kuposa malo, pacitike maere, ndi maina a otsalawo alembedwenso m'buku, kuti tikhale nayo mizere iwiri yolinganiza.

4. Kuti Bungwe litume anthu awiri, mmodzi wa iwo akhale mkazi, kukayendera wophunzira ali yense kawiri: itapita miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso citapita caka. Asakhutire ndi mau. Aone ndi maso citseko copalidwa, malaya osokedwa, mjigo woturutsa madzi, buku la ndalama lolembedwa kufikira mwezi womwewo. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

5. Kuti amene anasiya panjira afunsidwe mofatsa, popanda citonzo, ndipo zifukwa zao zilembedwe monga anenera eni ace.

6. Kuti abale a Bungwe lino amene ali ndi anchito, m'sitolo, m'cigayo, m'munda kapena m'ofesi, asatume munthu ku maphunziro asanapangane naye cimene adzasintha pobwera. Ndipo akabwera ampatse mpata ndi zipangizo zakucicita, pakuti maphunziro ambiri afera pa khomo la mwini nchito.

7. Kuti zopezeka ziwerengedwe pa msonkhano wa pacaka, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo kalata yace itumizidwe kwa Bwana DC ndi kwa eni maphunzirowo.

KWA IWO AMENE AKAIKA

Tidziwa kuti ena adzati, Mukacurukitsa mafunso mudzathawitsa otithandiza, ndipo adzapita ku midzi yina yosafunsa. Tiyankha kuti munthu wodza ndi mtima woona adzakondwera kupeza mudzi wosamala mbeu yace. Ndipo iye amene athawa mafunso anai opepukawa watiuza kale cimene anadzera. Sitifunsa mwamwano. Mlendo timlandira monga mwa mwambo wathu, timpatsa mpando ndi madzi. Koma ngakhale mkamwini wokondedwa afunsidwa kwao ndi nchito yace.

Ena adzati, Ife sitiri ophunzira, kuyesa ndi nchito ya akatswiri. Inde, pali kuwerengera kwina kumene kufuna akatswiri, ndipo sitilanda nchito yao. Koma mfumu imene iweruza mlandu wa malire a munda, kumva mboni zonse ndi kupita kukaona pamalo pomwepo, idziwa kale muyeso umene tinenawu. Cofunika ndi buku la sukulu limodzi, pensulo, miyendo, ndi mtima wosakondera.

Ndipo ena, amene sadzanena mokweza, adzaopa kuti bukulo lidzaulula maina a abale ao. Kwa iwo tinena mwa cikondi kuti za kale zapita, ndipo sitidzafukula; buku liyambira pa tsamba loyera. Koma kuyambira tsopano tikumbukire kuti malo amodzi opatsidwa kwa munthu wosafuna nchitoyo alandidwa kwa mwana wamasiye amene akadadya nayo moyo wace wonse.

Oyenderawo sadzalandira alawansi, pakuti sitingacize nthenda ndi cinthu comwe cinaibweretsa. Tipempha kuti midzi imene adzafikako iwapatse nsima monga ticitira ndi alendo onse, ndipo Bungwe lidzaona za njinga.

Tsono, Mafumu ndi abale, tipempha cinthu cimodzi musanafike ku msonkhano. Yense akhale pansi ndi anthu ace, nawerenge amene anapita ku maphunziro a nchito m'zaka zitatu zapitazi, ndipo pa dzina liri lonse afunse ngati munthuyo alikugwira nchitoyo lero, ndipo ngati iai, cifukwa ninji. Mubwere nao mainawo pa pepala, ndipo amai asatsale kumudzi, pakuti mlanduwu uwakhudza kopambana. Pamenepo tidzakamba ndi umboni m'manja, osati ndi zongoganiza. Mutu umodzi susenza denga.

Ndife anu m'nchito ya dziko lathu,

A KOMITI.